WIKA A-10 pa pampu yothirira: mawaya awiri akwana

Pampu yathu yothirira imayendetsedwa ndi VFD (chipangizo chosintha liwiro la mota), ndipo VFD-yo imafuna kudziwa mphamvu ya madzi m'paipi kuti ichepetse kapena kuwonjezera liwiro la mota. Ndinagula WIKA A-10 ya ku Germany, sensa yoyeza mphamvu ya madziyo kuyambira 0 mpaka 10 bar, yotulutsa 4–20 mA. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kachitsulo chosachita dzimbiri, mazinga ake ndi G1/4.

Amisiri anzanga ena akaona mawaya awiri okha amayamba kufunafuna wachitatu. Palibe. Magetsi ndi uthenga zimayenda njira imodzi. Waya wa +24 V DC umapita pa pini 1 ya pulagi. Pini 2 imapita pa analog input ya VFD (polowera uthenga wa sensa), kenako COM ya input-yo, pomwe magetsi amabwererapo, mumaibweza ku 0 V ya magetsi aja. Mukatero mzere wa magetsi walumikizana. Musaiwale kuuza VFD kuti input-yo ikulandira mA, chifukwa ambiri amabwera atatcheredwa pa 0–10 V. Ngati makina anu amangowerenga mavoti, ikani resistor ya 250 ohm, mupeza 1 mpaka 5 V.

Chimene ndimaikondera 4–20 mA n'chakuti sinama. Paipi ikakhala yopanda mphamvu, mita imaonetsa 4 mA. Pa 5 bar, 12 mA. Mukaona 0 mA, dziwani kuti waya waduka kapena magetsi palibe, musavutike ndi pampu. Ya 0–10 V singakuuzeni zimenezo, komanso imafuna waya wachitatu ndi magetsi osachepera 14 V, pomwe iyi imagwira kuyambira 8 mpaka 30 V. Pa 24 V imapirira resistance ya waya ndi input yonse pamodzi mpaka 800 ohm, ndiye kutalika kwa waya kuchoka kudamu kufika ku panel sikunandidetse nkhawa.

Waya wake ukhale wa shield (chikuto chachitsulo choteteza uthenga), shield-yo muilumikize ku earth mbali ya panel, ndipo usagone mumpaipi umodzi ndi mawaya a mota. VFD imachita phokoso la magetsi, manambala amavina.

Mtengo ndi wowawa poyerekeza ndi zopanda dzina zimene zadzaza pa intaneti. Ine ndingagulenso. Kungoti pulagi yake yamakona ndi IP65, mlingo wa chitetezo ku fumbi ndi madzi. Yanu ikakhala pamvula, itanitsani ya pulagi yozungulira ya M12, ya IP67, yotetezeka kwambiri ku madzi. Pamenepo mapini amasintha: + ndi 1, − ndi 3.