Pentax K1000 ndi kamera ndithu, koma wogulitsayu anandiwonongera chinkhoswe

Kamerayi ndinagula kwa mkulu uja amabweretsa katundu kuchokera ku Joni, ndipo a pa boma pano ku Dedza mtengo wake mukuudziwa, sunali wamasewera. Inabwera ndi lenzi ya SMC Pentax-M 50mm f/1.7 ndi mafilimu awiri a Kodak Gold 200. Pondipatsa anachita kulumbira. "Achimwene, iyi yakonzedwa kale yonse, inu ingoikani filimu muzijambula."

Filimu yoyamba ndinaithera pa chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Lizulu, zithunzi zonse 36. Ndinaitumiza ku Joni kukatsukitsa, ndikudikira mpaka abale anayamba kundifunsa ngati m'kameramo munalidi filimu. Tsiku lomwe zinabwera ndinangoti kukamwa yasa. Pafupifupi chithunzi chilichonse chinali ndi mzere wofiira ngati lawi la moto, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pamene ankhoswe akupatsana tambala ndi msoti, mzerewo wadutsa pankhope pa amalume. Pamene agogo anadzuka n'kuvina, chinthu chomwe sachitachita masiku ano chifukwa cha mawondo, kwangooneka chitenje ndi mapazi. Zimenezi simungauze anthu kuti bwerezani.

Nditamuimbira wogulitsayo, iye akuti mwina ndinatsegula chitseko chakumbuyo padzuwa. Ine? Ndinatsegula kamerayo pamaso pake, n'kumuonetsa siponji ya m'mbali mwa chitseko yomwe imatchinga kuwala. Inali itasungunuka, yakuda, yomata zala. Kamera zimenezi anayamba kupanga mu 1976 n'kusiya mu 1997, ndiye ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale ili ndi zaka zoposa 25, ndipo aliyense amene amakonzadi makamera amayamba ndi siponjiyo. Anangoti "pepani" wapakamwa, ndalama ya filimu ndi yotsukitsira osabweza ngakhale tambala.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wokonza mawotchi pafupi ndi depoti. Anapala zomatazo ndi kamtengo ndi sipiriti, n'kuyala ulusi wakuda wolukira majuzi m'timingalande ta chitseko. Ndinamulipira ndalama yosakwana n'komwe mtengo wa filimu imodzi.

Tsono filimu yachiwiri ndi imene yandichititsa kuti ndisaigulitse. Ndinakwera nayo phiri la Dedza m'mawa wa mu Juni, nkhungu ili tolo m'mitengo ya paini, zala zitauma ndi chisanu. Kamera osadandaula. Mkati mwake zonse zimayenda ndi masipuling'i, batire ya LR44 ntchito yake n'kuyendetsa kasingano koyezera kuwala basi, moti itatha mumajambulabe. Chomwe muyenera kudziwa n'choti kasinganoko kalibe pozimitsira, mukasiya lenzi yosavindikira batire imangodyeka.

Gold 200 imakonda mitundu yotentha, ndipo kwathu kuno ndiye yafika. Dothi lofiira la m'minda ya mbatatesi, milu ya tomato ndi kabichi pamsika wa Lizulu, zitenje za amayi ogulitsa, zonse zinatuluka zokoma m'maso, khungu la anthu osachita kutuwa monga imachitira foni yanga. Lenzi ya 50mm ikatsegulidwa mpaka pothera, pa f/1.7, munthu amaoneka bwinobwino pamene kumbuyo kwake kwafewa. M'nyumba ya mdima filimuyi imavutika, pamafunika kuimika munthu pafupi ndi zenera ndi kugwira kamera mosanjenjemera. Kulemera imalemera, pakhosi pamamva mukayenda nayo tsiku lonse.

Atati andiuze kuti ndisankhe kamera imodzi, lenzi imodzi ndi filimu imodzi, ndingatenge zomwezi mosaganiza kawiri. Kamera ndi lenzi ndazipatsa nyenyezi zisanu. Wogulitsayo imodzi, ndipo imodziyo n'chifukwa choti lenzi anandipatsa yoyera, yopanda nguwi m'galasi. Mukagula kwa iye tsegulani chitseko muone siponji musanapereke ndalama. Posachedwapa wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti wapeza lenzi ya 135mm, akuti nayonso yakonzedwa kale. Sindinamuyankhe, ayambe wabweretsa lamba wa kamera amene analonjeza.