Mapaleti a ku Siyaso ndi kampando kanga kapakhonde

Abale akumudzi amene muli kuno ku Harare, ngati mukufuna mpando wokhalira panja koma m'thumba mwauma, pitani ku msika wa Siyaso ku Mbare mukagule mapaleti, mathandala a matabwa osanjapo katundu aja. Ine ndinatenga awiri kwa mdala wina wake chapafupi ndi ogulitsa zitsulo, madola 6 nditanenerera ndithu, misomali ndi sandipepa ndinagulanso pompo. Mdalayo ngwabwino, anandisankhira okhaokha osafumbwa, mpaka kundiyitanira mnyamata wangolo kuti andifikitse pokwerera kombi.

Koma chomwe sanandiuze nchoti paini ameneyu amang'aluka ukamazula misomali yakale ndi hamala, matabwa atatu anathera pamoto ngati nkhuni aaa zinandiwawa. Bola kungodula ndi sowo pafupi ndi msomaliwo basi. Muyang'anenso chidindo cham'mbali, likalembedwa HT ndiye kuti anangolitenthetsa kuti tizilombo tife, la MB lisiyeni, anafukizira mankhwala oopsa limenelo.

Mpando unatheka Loweruka limodzi, chotsamira ndinachipendeketsako pang'ono, vanishi ndinapaka kawiri poti mvula ya Novembala sichedwa kuwoletsa zinthu. Pano mayi akunyumba ndi amene akumakhalapo madzulo aliwonse uku akusenda mtedza, ine mwini wakene ndabwerera pachidebe changa chija.