Maphunziro a sayansi a Loweruka pa Dedza boma: ndalama ikugwira ntchito, koma Biology ndiye ayi

Amayi angapo a ku tchalitchi kwathu akhala akundifunsa za maphunziro apadera a sayansi amene mwana wanga wamkazi amapitako, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Amaphunzitsa ndi bambo wina wopuma pantchito, amene anakhala zaka zambiri akuphunzitsa sayansi ku sekondale. Amatenga ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 okha, amene akukonzekera JCE. Sukulu zikatsegulidwa amakumana Loweruka m'mawa, pa holide amakumana masiku a mkati mwa sabata. Ine ndimalipira K15,000 pamwezi, ndipo amalandira pa foni kapena pamanja. Mapepala a fotokope mumalipira padera.

Ndiyambe ndi chimene chinandipititsa kumeneko, chifukwa makolo ambiri a msinkhu wanga sitinazindikire kuti mayeso a ana athuwa si aja tinalemba ife. Nthawi yathu Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi, Physical Science, buku limodzi, pepala limodzi. Silabasi yatsopano ya ku sekondale itayamba mu 2015 analigawa pawiri, ndiye mwana wa Fomu 2 lero ali ndi Physics payokha, Chemistry payokha, Biology, kuphatikizapo Agriculture. Nthawi yomweyonso boma linathetsa JCE, omaliza kulemba anali a 2016. Mchimwene wake wa mtsikanayu anadutsa Fomu 2 m'zaka zimenezo. Kuchokera pamene analemba mayeso a Sitandade 8 sanaonenso pepala la MANEB mpaka Fomu 4, ndipo ndinaona ndi maso anga momwe anatayirira pakatipo. JCE inabwerera mu 2021. Ena amati n'kungowononga ndalama za boma, ine sindigwirizana nawo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zotsatira zake n'zakuti ma past paper a JCE a Physics ndi Chemistry paokhapaokha ndi ochepa, amayambira 2021 basi. Anyamata ogulitsa timabuku ta fotokope amangosonkhanitsa chilichonse, mapepala a Physical Science akalekale n'kuwamata chikuto chatsopano. Mwana amakhala usiku wonse kulimbana ndi funso limene silili m'silabasi yake, pamene mitu ina yatsopano mulibemo n'komwe. Apa ndi pamene aphunzitsiwa anandikopa koyamba. Mapepala akalewo sanawataye, koma anakhala pansi n'kuwasefa. Funso lililonse analilemba pambali ndi cholembera chofiira kuti ili ndi la Physics, ili ndi la Chemistry, ili lisiyeni. Ndi ntchito yotopetsa imene wogulitsa mumsika sangaichite, ndipo ndalama ya fotokope imene ndimawapatsa sindiidandaula.

Mwana wangayu amaphunzira pa CDSS ina yopanda labotale. Aphunzitsi ake amayesetsa, sindikuwanyoza, koma zida zonse amazijambula pa bolodi ndi choko. Mwana amadziwa kulemba dzina la chida chimene sanachigwirepo. Kwa bambo awa kulibenso labotale, ndi chipinda cha kuseri kwa nyumba chokhala ndi mabenchi ndi tebulo limodzi lalitali. Zida zenizeni ali nazo zochepa: thermometer, timabotolo toyezera madzi, mabatire ndi timababu, maginito. Zina zonse ndi za kukhitchini.

Loweruka lina ndinapita kukalipira ndipo mvula inanditsekereza, ndiye anandipatsa mpando kumbuyo. Anali ataika ketulo pa mbaula. Anafunsa ana kuti madzi amawira pa madigiri angati, onse pamodzi anakuwa kuti 100. Anaitana mtsikana wina kuti agwire thermometer aziwerenga mokweza. Anawerenga 70, 80, 90, kenako 95, madzi ali bwatabwata, n'kuima pomwepo. Anadikira. Sinasunthe. Mnyamata wina wa kutsogolo anati, "Aphunzitsi, yafa imeneyo." Wina anati makala achepa, akupizire. Anamulola kukupiza mpaka phulusa linadzaza tebulo, koma inakhalabe pa 95.

Ndiye anawafotokozera. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Ukakwera chonchi mpweya umene umapanikiza pamwamba pa madzi umachepa mphamvu, ndiye madzi amawira asanafike pa 100. "Tsikirani ku Golomoti kapena ku Mtakataka ndi ketulo yomweyi," anatero, "mukapeza pafupifupi 98." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, nyemba zimapsa msanga kuti, kuno kapena kunyanja?" Ine ndinakulira kumunsi kuja, ndipo chikwatiwireni kuno ndakhala ndikunena kuti nyemba za ku Dedza n'zouma mutu. Ana anaseka. Anamaliza ndi kuwauza kuti funso likanena za madzi oyera pa sea level alembe 100 osawonjezera nzeru zawo, koma likafunsa chifukwa chimene chakudya chimachedwera kupsa pamwamba pa phiri, yankho analiona okha.

Pali makolo amene amadandaula ndi zimenezi. Bambo wina amene mwana wake anasiya kupitako anandiuza kuti JCE ilibe practical, practical ili ku MSCE, ndiye kuwiritsa madzi n'kutaya nthawi imene mwana akanaloweza manotsi. Zoona, pa JCE mwana sagwira chida m'chipinda cha mayeso. Koma tengani pepala la Chemistry kapena Physics mulione. Muli zithunzi za zida zitalumikizidwa, ndipo funso limati fotokoza chimene chichitike, kapena tchula cholakwika pa chithunzichi. Gawo loyamba losankha A, B, C kapena D mwana woloweza akhoza kulidutsa, nthawi zina mwamwayi chabe. Gawo lachiwiri lolemba yekha ndi limene limagwetsa ana, ndipo pamenepo amene anaona ndi maso amakhala ndi chonena.

Mutu wa ma acid ndi ma base anauphunzitsa ndi chidede. Mwana anabwera kunyumba n'kundipempha chidede chouma, mandimu, soda ndi chidulo chimene ndinali nditasungira therere. Anaviika chidedecho m'madzi otentha, madzi n'kufiira, n'kuwagawa m'makapu. M'kapu ya mandimu munafiira kwambiri. Atathira chidulo mtundu unasintha n'kuda mobiriwira, soda chimodzimodzi. Agogo ake anali pakhonde akuonerera, anangoti, "Iwe, usandithere chidulo." Kuyambira tsiku limenelo sasokonezanso kuti phulusa lili mbali iti. Density anaiphunzira ndi kachewere: imamira m'madzi wamba, koma ukasungunulamo mchere wambiri imayandama. Mchere wanga unathera pamenepo.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndithu.

Biology bambowa si phunziro lawo, ndipo zimaonekeratu. Pa chikwangwani analemba maphunziro atatu, ndalama timalipira ya atatu, koma Biology amaipatsa mphindi zotsalira kumapeto ana atatopa kale, ndipo amangowerenga manotsi ana n'kumakopera. Munthu yemwe uja wa mbaula ndi chidede akafika pa za maselo kapena kagayidwe ka chakudya m'mimba amasanduka wailesi. Chonsecho Biology ndi imene ili yosavuta kuionetsa, masamba ali pabwalo pomwepo, nyemba zikhoza kumera m'botolo pawindo. Makope a mwana wanga a Biology a kumeneko ndi a kusukulu ndi ofanana mawu ndi mawu. Agriculture saphunzitsa n'komwe, koma zimenezo ananeneratu poyamba, sindingawaimbe mlandu.

China ndi kuchuluka kwa ana. Teremu yoyamba anali ochepa, aliyense amagwira chida. Mayeso akamayandikira makolo amathamangira komweko, ndipo bambowa sabweza munthu. Benchi ya ana anayi pamakhala asanu ndi mmodzi, a kumbuyo amaimirira kuti aone tebulo, ndipo amene amagwira thermometer ndi omwe aja olimba mtima a kutsogolo. Mwana wamanyazi akhoza kutha mwezi osafunsidwa funso. Ndinawauza kuti agawe magulu awiri, a m'mawa ndi a masana. Anati aganizira, mpaka lero akuganizirabe. Chimbudzi nachonso n'chimodzi cha anyamata ndi atsikana, chitseko chake chotsekera ndi mwala. Kwa atsikana a msinkhu umenewu si nkhani yaing'ono, ndipo ndikudziwa mmodzi amene amajomba masiku ena chifukwa cha chomwecho.

Pa chilankhulo ndili pakati. Amafotokoza m'Chichewa, mawu a sayansi okha ndi amene amawasiya m'Chingerezi, ndipo n'chifukwa chake ana amamva msanga. Koma mayeso amabwera m'Chingerezi, ndipo mwana ayenera kulemba chiganizo chomveka. Wanga amatha kundifotokozera bwinobwino chifukwa chimene babu limazimira ukachotsa waya, koma ukamuuza kuti alembe amalemba mawu atatu osalumikizana. Ntchito yolemba amapereka, koma kuchonga amachedwa, nthawi zina makope amakhala kwa iwo masabata angapo. Ku Physics ndi Chemistry ndikanakonda akanamawalembetsa mayankho athunthu pomwepo, n'kuwerenga awiri atatu mokweza kuti ana amve kusiyana kwa yankho lopeza malikisi onse ndi lopeza theka. Musaiwalenso kuti satifiketi ya JCE imafuna kukhoza Chingerezi, ndiye musathire ndalama zonse ku sayansi n'kusiya chimenecho.

Nthawi amasunga, 8 koloko ndi 8 koloko, ndipo mwana akajomba kawiri amakuimbirani foni. Zimenezi ndimazikonda, chifukwa pa boma pano mwana akhoza kunyamuka ndi kope n'kukathera ku ma video show. Kutuluka ndiye amachedwa, akatengeka ndi phunziro amaiwala wotchi. Amene ana anu amachokera kutali, monga ku Bembeke, muwapatse ya kabaza kapena ya minibasi yobwerera ndi kachakudya. Miyezi ya June ndi July chipindacho chimazizira koopsa, simenti yokhayokha ndipo windo limodzi lilibe galasi, mwana asapite wopanda juzi.

Kodi n'koyenera K15,000? Ngati mwana wanu ali pa sukulu yokhala ndi labotale yogwira ntchito, ngati amene anasankhidwira ku Dedza Government Secondary School (Box 48) kapena ku sukulu zina zogonera konko, sindikuona chifukwa chomutumizira, pokhapokha ngati Physics ikumuvuta kwenikweni. Koma wa pa CDSS yopanda zida apite, ndipo ayambe ali Fomu 1, pamene mabenchi ali ndi malo ndipo akhoza kugwira chida ndi manja ake. Kumutumiza kutatsala mwezi umodzi kuti alembe n'kungomuonjezera pa chigulu cha oimirira kumbuyo. Wanga malikisi ake a Chemistry ndi Physics kusukulu akwera moonekeratu, Biology ili pomwe inali.

Sabata yatha ndinawafunsa ngati sangapeze mnzawo wodziwa Biology kuti azithandizana. Anati alipo mayi wina amene anapumanso pantchito, akambirana naye teremu ikubwerayi. Akabwera mayiyo ndipitiriza kulipira yonse. Akapanda kubwera ndiwapempha kuti mwana azituluka Chemistry ikatha, ndipo tikambirane zochotsera pa mtengo.