Briggs LO206 pa kart: injini yabwino kwa amene angathe kuisiya hedi mmene ilili

Pa injini za 4-stroke zothamangitsira kart (tigalimoto ting'onoting'ono ta mpikisano), Briggs & Stratton LO206 ndi imene ndalama zake sizipita pachabe, koma imafuna mwini wake wodziletsa manja. Ili ndi silinda imodzi ya 204cc, amaimanga ku America, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi 9 hp basi. Chigawo chake cha m'munsi, momwe muli pisitoni, crankshaft ndi camshaft, chimabwera chomangidwa ndi kawaya kachidindo. Kawayako kakangoduka, injiniyo siiloledwanso m'kalasi ya LO206, ngakhale m'katimo simunakhudzemo kanthu. Koyilo yake nayo imadula moto ikafika 6,100 rpm, choncho palibe amene angapambane chifukwa choti injini yake ikuzungulira kuposa za anzake.

Kabuleta ndi ya mtundu wa PZ22, ndipo apa a Briggs anaganiza bwino. Mphamvu ya makalasi a ana amaichepetsa ndi slide ya m'kabuleta (kachitsulo kotsegula njira ya mpweya), yomwe imadziwika ndi mtundu wake: yofiira, yobiriwira, yabuluu, yachikasu, mpaka yakuda ya akuluakulu. Mwana akamakula mumangosintha slide, injini n'kukhala yomweyo.

Hedi ilibe chidindo, ndipo pomwepa ndi pamene ambiri amagwera m'mayesero. Malamulo a kalasiyi amaletsa kusikima hedi (kupala pansi pake kuti ichepe kukhuthala), amaletsanso kupala kapena kusalaza njira zolowera ndi zotulukira mpweya. Oyendera injini mpikisano ukatha amakhala ndi mageji awo, ndipo mkwasa umodzi wa galayinda m'njira ya mpweya umaoneka ndi maso. Chololedwa ndi kusamalira mavalavu kuti azitseka bwino, ndipo kunena zoona mphamvu yambiri imene anthu amataya pa LO206 imathawira pamenepo. Hedi ya aluminiyamu ikatentha n'kuzizira kangapo, mpando wa valavu ya ekizozi umapotoka pang'ono, kompuresheni n'kumadontha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani hedi, mavalavu ndi masipuling'i zili pomwepo, thirani petulo pang'ono m'njira ya ekizozi, muyang'ane kuseri. Pakanyowa m'mphepete mwa valavu, ikudontha. Chotsani sipuling'i, pakani grinding paste yosalala pang'ono chabe, pekesani valavu pampando wake ngati mukupekesa moto, mukuinyamula ndi kuitembenuza kawirikawiri, mpaka pataoneka mzere wotuwa wozungulira wosadukiza. Mukatha tsukani bwinobwino, chifukwa paste yotsalira ikalowa mu valve guide imaidya.

Zina ndi zazing'ono koma zosayenera kuzinyozera: oyilo amalowa pafupifupi 400 ml ndipo mulibe fyuluta, ndiye musinthe pafupipafupi, pulagi yovomerezeka ndi Autolite AR3910X, float ya m'kabuleta ambiri amaiika cha m'ma 22 mm, ndipo ikasokonekera injini imatsamwa potuluka m'kona.

Zoipa zake ziliponso. Si injini yosangalatsa khutu, ndipo munthu wozolowera 2-stroke ngati Rotax kapena IAME X30 amaiona ngati yaulesi. Malire a 6,100 rpm amakukakamizani kusankha sipuloketi mosamala. Mukamva injini ikuchita phuphuphu mukadali pakati pa msewu woongoka, sipuloketi yakumbuyo yakula, chotsanipo dzino limodzi kapena awiri. Mtengo wake ndi wokwera kuposa injini zotengera Honda, ndipo kumene kulibe bwalo lokhala ndi kalasi ya LO206, chidindo chija mwachilipirira chabe.

Amene manja amawayabwa, wofuna kumasula ndi kusema, agule Honda GX200 kapena zofanizira zake za ku China, zija amalembapo 6.5 hp. Ndi banja lomwe lija la injini za m'mapampu othirira dimba ndi majenereta ang'onoang'ono, choncho masipeya ake savuta. GX200 ndi ya 196cc, pisitoni 68 mm, sitiroko 54 mm, kompuresheni 8.5:1. Predator 212 yogulitsidwa ndi Harbor Freight ku America ndi mbale wake, 70 mm ndi 55 mm, koma samalani pogula zida: ilipo ya hedi ya hemi (ya mphako yozungulira) ndi ina ya hedi wamba, ndipo ma rocker, ma pushrod ndi zivundikiro zake sizilowana.

Pa injini zimenezi hedi si poyambira. Fakitale inazipangira 3,600 rpm, ndipo governor, kachipangizo koletsa injini kuzungulira mopitirira, ndiye amazigwira pamenepo. Mukamuchotsa, muchotse zonse za m'kati, giya yapulasitiki ndi kawashala kake komwe, osangomasula ndodo yakunja. Kenako flywheel yachitsulo chosungunula ija, yokhala ndi maginito omangirira, ichoke, m'malo mwake mulowe ya billet aluminiyamu. Connecting rod chimodzimodzi. Flywheel ikasweka pa liwiro lalikulu zidutswa zake zimauluka pafupi ndi nthiti za woyendetsa. Masipuling'i a mavalavu a fakitale ndi ofewa, cha m'ma 10 lb, ndipo amayamba kulephera kubweza mavalavu injini ikapitirira 5,000 rpm. Kufewako kumatetezako injini mwanjira ina, ndiye kuika a 18 lb musanasinthe flywheel ndi rod ndi kudziputira ngozi.

Tsopano hedi. Kompuresheni imawerengedwa potenga kukula kwa silinda, kuphatikiza malo otsala pisitoni ikafika pamwamba, n'kugawa ndi malo otsalawo. Pa 196cc ndi 8.5:1, malo otsala ndi pafupifupi 26cc, ndipo pafupifupi 22cc mwa amenewa ndi mphako ya m'hedi. Enawo ali mu gasiketi ndi m'kambale ka pamutu pa pisitoni. Mukaika hedi ya 18cc, ya banja la GX160, malo amatsika kufika 22cc ndipo kompuresheni imakwera kufika pafupifupi 9.9:1. Ya 14cc imakufikitsani cha pa 11.8:1. Gasiketi nayo imawerengedwa: 0.1 mm iliyonse imene mwachepetsa pa kukhuthala kwake imachotsa pafupifupi 0.4cc. Pa petulo wa pa filing'i siteshoni ndi injini yozizira ndi mphepo, ya 18cc ndiyo yanzeru. Imakoka bwino potuluka m'kona popanda kutentha mopitirira. Ya 14cc imafuna petulo wa octane yokwera kapena camshaft yotsegula nthawi yaitali, apo ayi mumva kulira ngati timiyala m'chitini, pisitoni ikuphulikiridwa nthawi isanakwane.

Musakhulupirire nambala ya cc yolembedwa pa bokosi la hedi. Pakani girisi pang'ono m'mphepete mwa mphako, mavalavu ndi pulagi zili m'malo, vundikirani ndi kapulasitiki koonekera kokhala ndi kabowo, thirani madzi ndi sirinji mukuwerenga mpaka mpweya wonse utatuluka. Mahedi ofanizira amasiyana ndithu ngakhale atachokera m'katoni imodzi.

Kusikima hedi nako kumakweza kompuresheni, koma kumakoka mavuto awiri. Hedi ikatsika, ma pushrod amakhala ngati atalika, rocker n'kumakankha valavu cham'mbali m'malo mwa pakati, guide n'kutha msanga. Mukasikima kwambiri mufunika ma pushrod aafupi. Chachiwiri, mavalavu amayandikira pisitoni. Ikani kachidutswa ka plasticine pamutu pa pisitoni, mangani hedi, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri, masulani, dulani plasticine ija muyeze. Omanga injini ambiri safuna mpata wochepera 1.5 mm, makamaka ku ekizozi.

Kupala njira za mpweya ndi kumene mahedi ambiri amafera. Bowo lalikulu silitanthauza mphamvu. Mpweya umayenda mwaulesi, injini n'kufooka pa liwiro lotsika, kumene kart imakhala nthawi yambiri. Chotsani zokhakhala za chikombole ndi kampanda kakuthwa kamene kali pansi pa mpando wa valavu, zungulitsani pang'ono pokhotera pa njirayo, musiyire pomwepo. Yolowera mafuta isawale ngati galasi, kukhakhala pang'ono kumathandiza kuti petulo asamatirire m'makoma.

Pomanga, mabawuti anayi a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka 24 Nm. Mpata wa mavalavu wa Honda injini ili yozizira ndi 0.15 mm kolowera ndi 0.20 mm kotulukira. Camshaft ina imabwera ndi miyeso yakeyake, tsatirani imeneyo. Ndipo ngati mwaika ekizozi yotseguka ndi fyuluta yopuma kwambiri, main jet (kabowo kodutsira petulo m'kabuleta) ikule nayo, chifukwa kompuresheni yokwera pa mafuta ochepa imayeretsa pulagi kuti mbee n'kuwotcha valavu ya ekizozi mpikisano usanathe.