NaAlH4 kapena LiBH4: musakopeke ndi 18.5 peresenti

Anzanga amene akuyamba kafukufuku wosunga haidirojeni mu ufa wa ma complex hydride (mchere umene haidirojeni wake wamangika ku maatomu ena monga aluminiyamu kapena boroni) akhala akundifunsa kuti ayambe ndi uti. Ine ndimati NaAlH4 (wa sodiamu ndi aluminiyamu), ndipo sindibisa kuti LiBH4 (wa lithiamu ndi boroni) ndili naye chakukhosi.

Chimene chimakopa anthu pa LiBH4 ndi nambala: 18.5 peresenti ya kulemera kwake ndi haidirojeni, pomwe NaAlH4 ali ndi 7.4 yokha. Koma 18.5 imeneyo simudzaiona. Lithiamu amakakamira gawo lake n'kukhala LiH, ndiye mumatsala ndi pafupifupi 13.8, yomwenso imatuluka bwino kutentha kukadutsa madigiri 400 Celsius. Pofika pamenepo ufawo wasintha kale kawiri. Cha pa madigiri 110 kasanjidwe ka maatomu kamachoka pa orthorhombic kupita pa hexagonal, ndipo cha pa 280 umasungunuka. Ndinatsegulapo chubu chitazizira: ufa woyera uja unali utafufuma ngati mkaka wowira, n'kuumira pa sefa mpaka mpweya osadutsa. Kuti mubwezeremo haidirojeni pamafunika madigiri pafupifupi 600 ndi mphamvu yopanikiza mpweya yoposa ma bar 150.

Chinandiwawa kwambiri ndi mtengo umene palibe amakuuza poyamba. X-ray saona bwino haidirojeni chifukwa atomu yake ili ndi elekitironi imodzi basi. Ukafuna kudziwa pomwe yakhala kwenikweni, upite ku malo oyezera ndi manyutroni, monga ILL ku Grenoble ku France kapena ISIS ku Britain. Tsono pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a boroni wamba ndi boron-10, amene amameza manyutroni, ndipo lithium-6 nayenso amatero. Ndiye ufa umene uli nawo m'labotale sukuthandiza. Uyenera kupeza wina wa boron-11, lithium-7 ndi deuterium (haidirojeni yolemera), wokwera mtengo koopsa, usanapemphe n'komwe nthawi pamakinawo.

NaAlH4 alibe vuto limeneli. Sodiamu ndi aluminiyamu sameza manyutroni kwambiri, deuterium yekha akwana. Kasanjidwe kake ndi tetragonal, aluminiyamu aliyense atazunguliridwa ndi mahaidirojeni anayi. Mu 1997, Bogdanović ndi Schwickardi a ku Max-Planck-Institut für Kohlenforschung ku Mülheim anaonetsa kuti ukathiramo titanium pang'ono, haidirojeni imatuluka n'kubwereranso. Imatuluka kawiri: 3.7 peresenti pamene akusanduka Na3AlH6, kenako 1.9 pamene akusanduka NaH. Pa Na3AlH6 aluminiyamu amakhala pakati pa mahaidirojeni asanu ndi limodzi, ndipo kusinthaku umakutsata bwinobwino ngakhale pa X-ray wamba. Kwa munthu amene akuphunzira, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Zofooka zake zilipo. 5.6 peresenti (3.7 ndi 1.9 pamodzi) ndi yochepa pa galimoto, poti cholinga cha Department of Energy ya ku America ndi 6.5 kuphatikizapo thanki yomwe. NaAlH4 ndi LiBH4 onse amadana ndi chinyontho, choncho glovebox (bokosi lomata logwiriramo ntchito ndi magolovesi) ya mpweya wa argon simungaithawe.

Pa ma hydride ena, LiNH2 wosakaniza ndi LiH amatulutsako amoniya, amene amaononga fuel cell (chida chopanga magetsi ndi haidirojeni), ndiye ine ndinamusiya. Mg(BH4)2 ali ndi 14.9 peresenti, koma mtundu wake wa alpha uli ndi maatomu 330 mu unit cell (kachigawo kobwerezabwereza ka kasanjidwe kake) imodzi, ndipo boroni yemwe uja alimo. Ameneyu mutengeni pokhapokha ngati wokuyang'anirani ali kale ndi boron-11 ndi nthawi ya manyutroni.