Miyezi 10 ndili ndi Sinocrassula pakhonde panga ku Likhubula

Mu Okutobala chaka chatha ndinagula kachomera kwa mayi ena ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ku Blantyre. Pakapepala kake panalembedwa kuti Sinocrassula yunnanensis. Kwawo ndi kumapiri a Yunnan ku China, ndipo ndi ka banja limodzi ndi Kalanchoe amene ambirife tili naye pabwalo. Mitu yake ndi ting'onoting'ono, siiposa chitsekero cha botolo la Fanta kwenikweni, timasamba tosongoka tothinana, taubweya wosalala. Kakawombedwa dzuwa kamada bii, mpaka alendo amayesa ndi kapulasitiki.

Nditamva zoti ndi ka m'mapiri ndinati basi kafika kwawo, popeza ife phiri timadzuka nalo m'maso. Apa ndiye ndinalakwitsa. Kuzizira kachomera aka sikakuopa ayi. Mdani wake ndi chinyezi, ndipo chinyezi ndicho Mulanje ali nacho chochuluka.

Ndinakagawa m'timiphika 5 ta dothi la katondo la kudimba, n'kutisiya panja. Mvula ya Januwale isanathe, tiwiri tinali titawola. Ndinagwira mutu umodzi ndi chala, masamba onse anangoyoyoka, pakati pali phalaphala ponunkha. Zinandiwawa kwambiri. Totsalato ndinatizula tsiku lomwelo, ndinatiyanika pamthunzi masiku atatu, kenako ndinatibzala mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi timiyala ta kwale, zinyenyeswa za makala ndi dothi lodzaza dzanja limodzi lokha. Mphika wadothi wobowola pansi, osati wapulasitiki.

Chiperoni ndi amene anandiphunzitsa zambiri. Mvula yamphamvu imaoneka, umathamanga n'kulowetsa miphika. Koma kamvula ka nkhungu ka mu Juni kamangonyowetsa mwakachetechete masiku anayi kapena asanu, madzi n'kukhazikika mu ubweya wa masamba osauma. Tsopano miphika imakhala pakhonde pamene dzuwa la m'mawa limafika koma madontho safika, ndipo nkhungu ikatsika m'phiri sindithirira ngakhale pang'ono. Masiku ena onse ndimayamba ndapisa chala. Ngati mchenga wauma gwaa, ndimathira m'mbali mwa mphika, osati pamutu.

Tizilombo toyera ngati kodikodi wa pachinangwa tinabwerako kamodzi. Kathonje koviika mu sipiriti kanathetsa nkhaniyo.

Mu Meyi mutu waukulu unatulutsa kamphukira ka timaluwa toyera tating'ono. Maluwa atafota, mutuwo unauma. Ndinada nkhawa, koma ndi chibadwa chake: mutu umene wachita maluwa umafa, ana ake a m'mbali ndi amene amatsala. Panopa anawo adzaza mphika mpaka m'milomo, ndipo tsamba lililonse logwera pamchenga likumera lokha.

Ngati muli ndi khonde louma, kaguleni, simudandaula. Ngati maluwa anu amakhala pamtetete, kuno kwathu musayerekeze. Achemwali anga a ku Luchenza ndawapatsa mitu itatu sabata yatha, pamodzi ndi thumba la mchenga womwewo.