Manyazi a Hester ndi chikumbumtima cha Dimmesdale

M'buku la Nathaniel Hawthorne la 1850, The Scarlet Letter, anthu awiri amachita chigololo ku Boston, koma amalangidwa mosiyana.

Hester Prynne amaimikidwa pansanja pamsika, khanda lake Pearl lili m'manja, ndipo amalamulidwa kuvala chilembo chofiira cha A pachifuwa, chosonyeza chigololo chake. Iye amachipeta ndi ulusi wagolide. Anthu amamuloza zala, koma amapitiriza kusoka zovala ndi kusamalira odwala mpaka ena kuyamba kumulemekeza.

M'busa Arthur Dimmesdale, bambo wa khandalo, amabisa tchimolo. Mpingo ukumutamanda, iye akudzikwapula mobisa, thupi likufooka kwa zaka 7. Amaulula pansanja yomweyo n'kumwalira.

Ine mtima umandipwetekera Pearl, amene bambo ake ankakana kuima naye pagulu masana.